Tsiku Limene Sitima Inamira ku Mtiya

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa kwa zaka zitatu, koma poti anthu a ku Mtiya amaifotokoza mokhotetsa, ena mpaka kuwonjezera zoti ndinadzinyowetsa, kuli bwino muimve kwa mwini wakene. Ndi yochititsa manyazi, sindikukana. Koma thalauza langa linali louma, ndipo pa mfundo imeneyo ndilibe kubwerera m'mbuyo.

Ine ndine Dikirani Makwinja. Ndinagwira ntchito zaka zinayi pa sitima ya pamadzi yonyamula katundu, yomwe ndinakaikwerera ku Nacala mothandizidwa ndi abale a mayi anga a ku Mozambiki. Mpaka pamenepa palibe bodza. Bodza likuyambira pa funso lakuti ndinkagwira ntchito yanji. Ine ndinali wa kukhitchini. Ndinayamba ndi kusenda mbatatesi ndi kutsuka mapoto, kenako ndinakwera n'kukhala wophika weniweni. Kuchipinda cha injini ndinkatsikako kawiri pa tsiku, kukapereka tiyi.

Pobwerera kumudzi, injiniya wina amene ankafera mandasi anga anandipatsa ovololo yake yokhala ndi chithunzi cha nangula pachifuwa, pamodzi ndi zotsekera m'makutu zija amavala anthu ogwira ntchito paphokoso. Nditafika ku Zomba ndinaivala tsiku lina popita kumsika, chifukwa kunali chifunga chozizira chotsika m'phiri. Wogulitsa nsomba wina anangoti, "Mwadzuka bwanji a Injiniya?" Mpata womuwongolera unalipo. Ine ndinayankha kuti ndadzuka bwino, kaya iwo. Pofika Lamulungu, mpingo wonse unali ukunditchula a Injiniya.

Kumpingoko n'kumene ndinadziwana ndi Esnati, mayi wofatsa, wosalankhula zambiri, kalaliki ku maofesi a boma m'tauni. Ndinamukonda zenizeni, ndipo bodza lija linayamba kundilemera. Loweruka lina ndinamutenga kukwera phiri la Zomba ndi cholinga choti ndikaulule. Tinagula mabulosi kwa amayi a m'mbali mwa msewu, n'kukakhala pamwala poonekera nyanja ya Chilwa chapatali. Ndili pafupi kuyamba kulapa, iye anafunsa kuti kodi injini ya sitima amailiza bwanji.

Vuto linali lakuti yankho ndinkalidziwa, chifukwa ainjiniya akamamwa tiyi amalongolola. Ndinamufotokozera kuti injini ya sitima ndi yaikulu ngati nyumba, ilibe sitata ngati ya galimoto, ndipo simungaikankhe ngati minibasi ya ku Jali. Pamakhala makina otchedwa kompuresa amene amapopera mpweya m'mathanki achitsulo mpaka utathinana kwambiri. Mpweya umenewo akautulutsa mwamphamvu umakankha mapisitoni, injini n'kudzuka. Ndi mpweya womwewo umene umaliza huta ya sitima. Esnati anamvetsera akutafuna mabulosi, n'kungoti, "Oho." Ine ndinatsika phiri ndili injiniya wamkulu kuposa mmene ndinakwerera.

Kwathu kuno mwini mbumba ndi malume, ndipo malume ake a Esnati ndi a Namakhwa. Bambo ameneyu anagwira ntchito yomasulira kukhoti mpaka kupuma, ndipo amadzitama kuti bodza amalimva fungo munthu asanatsegule n'komwe pakamwa. Amuna awiri amene anafunsira Esnati ine ndisanabwere anawabweza. Wina anabisa zoti ali ndi mkazi ku Liwonde. Wina ananena kuti anaphunzira kukoleji ya ku Chirunga, pomwe ankangogulitsa mabuku akale pageti. Atapuma ntchito, a Namakhwa anatsegula chigayo ndi kagalaja kopentera magalimoto kuseri kwa nyumba yawo ku Mtiya.

Ankhoswe anga anapita, a Namakhwa anawalandira bwino, koma tsiku la chinkhoswe amalume ankangoti tiona, tiona. Kenako Lolemba lina anandiitanitsa.

Ananditengera kuseri kwa chigayo, pansi pa shedi ya malata, pomwe panali chinthu chophimbidwa ndi tenti yakale. Anavundukula. Inali kompuresa ya m'sitima yeniyeni, yobiriwira, ndi thanki yake yaitali ngati bokosi la maliro, mapaipi okhotakhota, mageji atatu ndi timawilo tofiira totsegulira ndi kutsekera mpweya. Anati anaigula kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Mangochi. Wa magetsi anali atalumikiza kale mawaya ku magetsi a chigayo, ndi paipi ya madzi oziziritsira makinawo, koma kuiliza anakana, ati zimenezo n'za anthu a m'sitima.

"Mulungu ndi wabwino, a Injiniya," anatero amalume akusisita thanki ija. "Makina a m'sitima ndagula, mkamwini wa m'sitima wabweranso yekha. Loweruka mudzailize, tipente minibasi ya kwaya. Ikangolira, tsiku la chinkhoswe nditchula pomwepo."

"Zazing'ono izi, amalume," ndinayankha. Mawuwo ndinawamva ngati akulankhula ndi munthu wina amene sandifunira zabwino.

Mlungu umenewo sindinadye bwino. Ndinafufuza mavidiyo pafoni, koma makina onse amene ndinapeza anali osiyana ndi a amalume, ndipo ofotokozawo ankalankhula ngati akuthamangitsidwa. Ndinaganiza zonamizira malungo, ndinakumbuka kuti Esnati ndi munthu woti akutengera kuchipatala akakubaye chala. Ndinaganiza zoulula, ndinakumbuka wogulitsa mabuku uja. Chiyembekezo changa chomaliza chinali magetsi. Masiku amenewo ankazima pafupifupi Loweruka lililonse, ndiye ndinapemphera ndi mtima wonse kuti asasinthe khalidwe.

Loweruka linafika, magetsi ali ngwee, ngati alumbira.

Amalume sanachite zamseri. Anaitana kwaya yonse, akulu ampingo awiri, ndi anthu oyandikana nawo. Anayala mipando, tebulo la zakumwa lokhala ndi nsalu yopeta ya akazi awo, ndipo amayi anali akuphika mpunga ndi nkhuku chakumbali. Anabweranso a Saidi, bambo wachikulire womata matayala pafupi ndi depoti, amene wakhala akugwiritsa ntchito kompuresa kuyambira ine ndisanamere ndevu. Iwo sanafune mpando. Anakhala pa tayala lakale, kofia ili pamutu, n'kumangondiyang'ana.

Ndinaima patsogolo pa makina aja, ovololo ili m'thupi, zotsekera m'makutu zili m'khosi. M'mutu munali funso limodzi: kodi pa sitima paja kompuresa ikayamba kulira, ine ndinkatani? Yankho linabwera msanga. Kulira kwake kunkatanthauza kuti sitima yatsala pang'ono kunyamuka, ndipo ife a kukhitchini tinali ndi ntchito yathu yokonzekera mafunde. Tinkamanga mipando, kuchepetsa madzi m'mapoto n'kumangirira zivundikiro, kunyowetsa nsalu za patebulo kuti mbale zisatsetsereke, ndi kutseka chilichonse chotsekeka. Zimenezo ndizo ndinkadziwa. Ndinaonanso kuti zikhoza kudya nthawi mpaka magetsi atakumbukira udindo wawo.

"Amalume," ndinatero ndi mawu okhuthala, "pa sitima sitimangodina batani. Timayamba ndi procedure. Safety first."

Amalume anatembenukira khamu lija nkhope ili yowala. "Mwawamva a Injiniya? Procedure!"

Ndinalamula kuti mipando yonse imangidwe ndi chingwe, wina kwa unzake, mpaka kumtengo wa mango. Anamanga. Ndinalamula kuti nsalu ya patebulo ithiridwe madzi. Akazi a amalume anandiyang'ana ngati ndawapempha impso, koma anathira. Ndinapita kwa amayi ophika aja n'kuwauza kuti achepetse madzi m'mapoto, zivundikiro azimange ndi waya. Mmodzi anafunsa kuti nanga mpunga auvundula bwanji, amalume anamudzudzula kuti asamatsutsane ndi sayansi.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti ndinayamba kumva kukoma. Chibadwire changa akulu ampingo anali asanathamangepo chifukwa cha mawu anga.

A Saidi anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. "Achimwene, pepani kufunsa. Nsalu ya patebulo ikukhudzana bwanji ndi kompuresa?"

"Vibration," ndinayankha mosawayang'ana n'komwe.

Amalume anawauza a Saidi kuti izi si zomata matayala, angoonerera aphunzirepo kanthu. A Saidi anati chabwino, n'kukokera tayala lawo kumbuyo pang'ono.

Geti ndinalimanga ndekha, chifukwa pa sitima chitseko sichisiyidwa chikugwedera. Ndinamanga mfundo ya amalinyero imene tinkamangira matumba a mbatatesi kukakhala namondwe, ija ukamaikoka imalimbiratu. Nditawauza zimenezo, anthu anaombera m'manja mfundo imeneyo. Ola lathunthu linatha. Ndinasuzumira babu la m'chigayo, linali likuyakabe mopanda chifundo.

Chinatsala ndi makina okha. Lamulo la kukhitchini limati chotsekeka chitsekedwe, ndiye ndinagwira timawilo tofiira tija n'kutipotokola tonse mpaka gwa. Kunsi kunali timipopi tiwiri totsegula, ndinatitsekanso, n'kupukusa mutu ngati ndapeza kusasamala kwa anthu osaphunzira.

A Saidi anatsokomola. Ananena mwaulemu kuti iwo akamaliza yawo amasiya timipopi ta kunsi totsegula kaye, kuti madzi ndi oyilo zimene zimadikha m'kati zituluke, makina ayambe mopepuka. Anawonjezera kuti kawilo kamene ndatseka pomalizira n'ka paipi yopita ku thanki, ndiye sakudziwa kuti mpweyawo ulowera kuti. Munthuyo ankandiponyera chingwe ndili m'chitsime. Ine, Mulungu andikhululukire, ndinaseka.

"Imeneyo ndi ya matayala, bambo Saidi. Iyi ndi marine."

A Saidi anaimirira, ananyamula tayala lawo n'kukakhala kuseri kwa mtengo wa mango.

Ndinavala zotsekera m'makutu, ndinapuma, n'kudina batani lobiriwira. Makina anabuula, babu la m'chigayo linaphethira, kenako du-du-du-du, ndendende ngati pa sitima. Amayi anaimba nthungululu. Ndinaona amalume akupisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kadayale kawo kolembamo masiku. Kwa kanthawi kochepa kameneko ndinali injiniya weniweni, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti mwina nzeru zinkandilowa pang'onopang'ono popereka tiyi.

Kenako ndinayang'ana geji. Kamuvi kake kankakwera mothamanga, kanadutsa manambala akuda onse n'kulowa pofiira. Pansi panayamba kunjenjemera.

Phwaaa!

Pano ndikudziwa kuti makina amenewa amakhala ndi kavavu kotetezera, kamene kamatseguka kokha mpweya ukachuluka kuti chitsulo chisaphulike. Kavavuko kanangogwira ntchito yake. Koma tsiku limenelo ine ndinangoona chimphepo chikuulutsa madeya amene anayanikidwa pafupi, fumbi loyera lili koboo, akhwangwala akuthawa m'mitengo, phokoso likubwerera kuchokera kuphiri. Ndinadziwa kuti tafa. Ndipo zaka zinayi zoyeserera ngozi pa sitima zinadzuka zokha m'thupi mwanga.

"Abandon ship!" ndinakuwa. "Aliyense ku boti! Ku boti!"

Ku Mtiya, abale anga, komwe madzi apafupi anali a pampopi wa amalume.

Pa sitima amaphunzitsa kuti uyambe wathandiza amayi ndi okalamba. Phunziro limenelo silinadzuke nawo. Ndinadutsa pakati pa kwaya ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu. Anthu pofuna kuthawa anakodwa m'zingwe za mipando, wina akagwa mzere wonse unkamutsatira. Mkulu wampingo mmodzi anakwawira pansi pa tebulo, nsalu yonyowa ija n'kumuphimba kumutu. Ine ndinafika pageti ndili woyamba, n'kukumana ndi mfundo yanga. Ndinaikoka, inalimba. Ndinaikokanso, inalimbiratu, monga mmene ndinawalonjezera anthu aja.

Ndinalumphira pampanda. Kukwera ndinakwera bwino, koma potsikira kunja, chitsulo chosongoka cha pamwamba chinakola ovololo kumsana. Ndinatsala lende, nkhope kumsewu, miyendo ikupalasa m'malere. Amuna atatu otsika kuphiri ndi njinga za nkhuni anaima n'kumandiyang'ana. Ndinawachenjeza kuti athawe, sitima ikumira. Mmodzi anayang'ana kumwamba, wina anayang'ana mumsewu, wachitatu anatsamiritsa njinga yake kuti aonerere bwino.

Chifukwa cha zotsekera m'makutu zija, sindinadziwe kuti phokoso linali litatha kale. Ndinapitiriza kukuwa mpaka munthu wina anandivula zotsekerazo kuchokera kumbuyo. Anali Esnati, ataima pa diramu m'kati mwa mpanda.

"A Diki, ndadina batani lofiira," anatero modekha. "Mutha kusiya kukuwa."

Anandikolola a Saidi ndi amuna a nkhuni aja. Geti anachita kudula chingwe ndi mpeni kuti ndilowenso. Kenako a Saidi anapita pamakina, anatsegula kawilo ka ku thanki ndi timipopi ta kunsi, n'kudina batani. Timipopi tinalavula madzi a dzimbiri osakanikirana ndi oyilo, iwo anatitseka, makina n'kumalira bwinobwino ngati sanalakwirepo munthu.

Amalume anakhala pa mpando womangidwa uja ngati woweruza, madeya ali mbuu m'mutu ndi m'mapewa. Kadayale kaja anakabwezera m'thumba ine ndikuona. Pamenepo nthabwala zinandithera. Ndinachita mantha enieni, oposa a phokoso lija, chifukwa ndinaona kuti Esnati ndamutaya ndi manja anga.

"A Makwinja," anatero. Udindo wa a Injiniya unali utatha. "Pa sitima paja munkagwira ntchito yanji?"

"Ndinali wophika, amalume."

"Nanga procedure ija?"

"Ndi ya kukhitchini, amalume. Yoteteza mbale."

Amalume analankhula pang'onopang'ono kuti pa zaka zonse zimene anakhala kukhoti anamva mabodza a mitundu yonse, koma palibe wabodza amene anawamangitsapo mipando yawo yomwe pamaso pa akulu ampingo. Kenako anatembenukira kwa Esnati n'kumufunsa ngati wamva yekha mtundu wa munthu amene anawabweretsera.

"Ndinadziwa kale, amalume," anayankha Esnati.

Anafotokoza kuti tsiku loyamba limene ndinakacheza kwawo ndinasenda beseni lonse la mbatatesi ndikucheza, osayang'ana n'komwe m'manja, khungu lililonse likutuluka lalitali losaduka. Pochoka ndinawanolera mipeni yonse popanda wondipempha. Anati m'zikhadabo mwanga sanaonemo oyilo ngakhale tsiku limodzi, koma m'mikono muli zipsera za mafuta okazingira. Ine ndinayang'ana mikono yanga ngati yandipereka kwa adani.

Amalume anafunsa kuti nanga bwanji sanawauze.

"Ndimadikira kuti anene okha," anatero Esnati. "Komanso paja inu mumati bodza mumalimva fungo, ndiye ndimayesa munalimva kale."

A Saidi anaseka mpaka kofia inagwa. Nthawi yomweyo kunabwera fungo lina limene aliyense analimva popanda luso la kukhoti. Mpunga ndi nkhuku zija, zochepetsedwa madzi, zomangidwa ndi waya, zoiwalika pamoto, zinali zitapserera mpaka kusanduka makala.

Amalume ananunkhiza, anayang'ana anthu anjala aja, n'kundiyang'ana ine.

"Mwati ndinu wophika. Limenelonso likhoza kukhala bodza. M'nyumbamo muli thumba la mbatatesi za kuphiri, ndipo nkhuku zina zikuyenda apo. Tione."

Ndinavula ovololo n'kupempha mpeni. Sindikufuna kudzitama, poti mwaona kale kumene kudzitama kumandifikitsa, koma pamene a Saidi ankamaliza kupopera penti mbali imodzi ya minibasi, anthu onse anali ndi mbale m'manja. Mkulu wampingo wa pansi pa tebulo uja anawonjezera kawiri. Amalume anadya, anapukuta mbale ndi mbatatesi yomaliza, n'kusamba m'manja. Kenako dzanja linalowa m'thumba, kadayale kanatuluka.

Tsiku anatchula, koma ndi malamulo awiri. Loyamba, ndikapepese kwa a Saidi kuntchito kwawo, masana, anthu akuona. Lachiwiri, pakhomo pawo ndisadzayandikire chinthu chilichonse chokhala ndi batani, ngakhale wailesi. Onse awiri ndimawasunga mpaka lero, ndipo ovololo ija Esnati anaidula n'kusokera zogwirira mapoto.

Ndinkayesa kuti nkhani inathera pomwepo. Pa tsiku la ukwati wathu, holo itadzaza, ine ndili mu suti pambali pa mkazi wanga, baluni imodzi ya zokongoletsa inaphulika kumbuyo kwanga. Ndinangodzidzimuka pang'ono, mwina kunyamuka pampando pang'ono chabe. Holo yonse inatembenuka n'kundiyang'ana. Amalume anaimirira mwaulemu, anapempha maikolofoni kwa woyendetsa mwambo, anaigogoda kawiri kuti aone ngati ikumveka.

"Khalani pansi, akamwini," anatero. "Sitima sikumira."

Phunziro limene ndinatolapo ndi lakuti ngati wasankha kunama pakhomo pa eni ake, geti usamange wekha.